Ndandanda ya pakhoma siichotsa kusungulumwa

M'nyumba zambiri zosamaliramo okalamba mumakhala pepala lokongoletsedwa bwino lomwe amalimata pakhoma pafupi ndi chipinda chodyera. Lolemba kuimba, Lachiwiri masewera a bingo, Lachitatu kuongola manja ndi miyendo, Lachinayi kujambula, Lachisanu kuonera filimu. Wachibale amene akufunira malo mayi ake kapena bambo ake amaima n'kuwerenga pepalalo, mtima n'kukhala pansi. Oyendera ochokera kuboma nawonso amaliwerenga n'kuchonga m'mabuku awo. Ku United States, lamulo la 1987 lokonzanso kayendetsedwe ka nyumba zoterezi limafuna kuti nyumba iliyonse yolandira ndalama za boma ikhale ndi dongosolo la zochita za anthu okhalamo, ndipo mayiko enanso ali ndi malamulo onga limeneli.

Ine sindikutsutsa kuimba kapena bingo. Chimene ndikutsutsa ndi chikhulupiriro chakuti sabata ikadzaza ndi zochitika ndiye kuti agogo akusangalala. Munthu akhoza kukankhidwa pa njinga yake ya olumala kasanu pa sabata kupita kuchipinda chochezera, n'kukhala pakati pa anthu 20, n'kubwerera kuchipinda kwake ali wosungulumwa monga anachokeramo. Zochitika zimapepuza mtima wa munthu wokalamba zikamupatsa mnzake womudziwa bwino, zikamusiyira mpata wonena kuti "ndikufuna" kapena "ayi", ndiponso zikachititsa kuti pakhale wina womudikira mawa. Zikapanda zimenezi, zimangokhala phokoso la ola limodzi.

Vutoli si laling'ono. Mu 2010 Dallas Seitz wa ku Canada ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana wokhudza nyumba zosamaliramo okalamba. Anapeza kuti pa anthu 100 alionse okhala m'nyumbazi, pafupifupi 10 ali ndi matenda aakulu ovutika maganizo, 29 ali ndi zizindikiro za matendawa, ndipo 58 ali ndi dementia, matenda a mu ubongo amene amaiwalitsa ndi kusokoneza kuganiza. Zifukwa zake n'zosabisika. Munthu salowa m'nyumba yotere zinthu zikumuyendera. Amalowa ataferedwa mkazi kapena mwamuna, atagwa n'kuthyoka m'chiuno, atadwala sitiroko, kapena ana atatopa. Pa milungu yochepa amataya nyumba yake, anansi ake, mpando umene ankakhalapo madzulo, ngakhale ufulu wosankha nthawi yodzuka. Ndipo kuvutika maganizo kwa munthu wachikulire nthawi zambiri sikubwera ndi misozi. Kumaonekera pa kukana chakudya, kugona masana onse, kudandaula za ululu wosadziwika kochokera, kusiya kupesa tsitsi. Anthu amangoti, "Ndi ukalamba umenewo," n'kumufunditsa bulangete.

Ena angadabwe kuti munthu angasungulumwe bwanji m'nyumba yodzaza anthu usana ndi usiku. Bungwe la Alzheimer's Society la ku Britain linalemba mu lipoti lake la 2007 kuti pa maola 6 amene ofufuza ankaonerera, munthu wokhala m'nyumba yotere nthawi zambiri ankacheza ndi ogwira ntchito kapena anzake kwa mphindi ziwiri zokha, tikachotsapo nthawi yomusambitsa, kumudyetsa ndi zina zotero. Manja omugwira thupi ndi ambiri tsiku lonse, koma womufunsa zimene analota usiku palibe.

Pali kafukufuku wina amene aliyense wokonza zochita za okalamba ayenera kumudziwa, ngakhale kuti zimene anapeza n'zosakoma kumva. Dzina lake ndi OPERA, anachitikira ku England, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2013 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Ofufuza anatenga nyumba 78 n'kuzigawa pawiri mochita maere. Ogwira ntchito m'nyumba zonse anaphunzitsidwa kuzindikira munthu wovutika maganizo, koma m'nyumba za gulu limodzi akatswiri a mafizo ankabweranso kawiri pa sabata kudzatsogolera masewera olimbitsa thupi a pagulu, mpaka chaka chathunthu. Panali chifukwa chomveka choyembekezera zabwino, popeza kwa anthu ambiri okhala m'makomo mwawo masewera otere amapepuza maganizo. Chaka chitatha anayeza, ndipo sanapeze kusiyana. Okalamba a m'nyumba zamasewera anali ovutika maganizo mofanana ndi anzawo aja.

Wina angawerenge zimenezi n'kunena kuti basi, zochitika zapagulu n'kutaya nthawi. Ine ndikuonapo zina. Matenda ovutika maganizo amayamba ndi kulanda munthu chilakolako cha chilichonse. Amene akufunika kwambiri kutuluka m'chipinda ndi yemweyo amene amati, "Pitani, ine ndatopa." Odzaza mipando m'chipinda chochezera ndi anthu omwe anali ochezeka kale. Komanso sabata ili ndi maola 168. Mukachotsapo maola osakwana awiri a masewera, otsalawo amakhala momwe analili: kudzutsidwa nthawi imene yakomera wogwira ntchito, kukhazikidwa kutsogolo kwa TV imene palibe anasankha zoti izionetsa, kudikira chakudya chamasana, kudikira chamadzulo. Masewerawo anakonzedwa ndi ena, ankabwera pa nthawi yosankhidwa ndi ena, ndipo akatha mphunzitsi ankanyamula zipangizo zake n'kumapita.

Tsopano tiyerekeze ndi zimene zinachitika m'nyumba ina ya ku Connecticut, ku United States, zomwe Ellen Langer ndi Judith Rodin anafalitsa mu 1976. Mkulu wa nyumbayo anasonkhanitsa okalamba a pansanjika ina n'kuwauza kuti moyo wawo m'nyumbamo uli m'manja mwawo: akonze zipinda mmene akufunira, anene zimene akufuna zisinthe, asankhe okha ngati akufuna kuonera filimu ndiponso tsiku loonera. Aliyense anasankha chomera cha m'kamphika choti azichisamalira yekha. A pansanjika ina anauzidwa mawu okoma kwambiri, akuti ogwira ntchito ndi amene ali ndi udindo wowasangalatsa. Nawonso analandira zomera, koma othirira anali anamwino. Nawonso filimu inalipo, koma tsiku anachita kuwasankhira. Patatha milungu itatu, a gulu loyamba ankanena kuti akusangalala kuposa kale, ankayenderana kwambiri, ndipo anamwino ankawaona kuti ndi ochangamuka. Patatha miyezi 18, mwa anthu 47 a gulu loyamba anali atamwalira 7, pamene mwa 44 a gulu lachiwiri anali atamwalira 13.

Chiwerengero cha imfachi anthu amakonda kuchikokomeza, chonsecho anthu ake anali ochepa ndipo eni kafukufukuyo anadzalemba okha pambuyo pake kuti kusiyanako sikunali kolimba monga anaonetsera poyamba. Palibe anganene kuti kuthirira maluwa kumathamangitsa imfa. Chimene chimandigwira mtima ine n'china. Magulu onse awiri analandira zinthu zofanana ndendende, chomera ndi filimu. Woyendera wochonga m'buku sakanaona kusiyana kulikonse. Kusiyana kunali pa amene akusankha, ndiponso pa amene chomeracho chikumudalira.

Ofufuza a pa yunivesite ya Exeter ku England anapeza zonga zomwezi m'njira yoseketsa pang'ono. Nyumba zina zinali zitayambitsa timagulu tolimbikitsa okalamba kumwa madzi ambiri, ndipo anthu ankati thanzi la okalambawo lasintha chifukwa cha madziwo. Mu 2011 ofufuzawo anafalitsa zimene anapeza atalekanitsa zinthu ziwirizi: ena ankalimbikitsidwa za madzi ali pagulu, ena payekhapayekha, ndipo ena ankakumana pagulu n'kumakambirana nkhani zina. Madzi paokha sanaonetse phindu. Amene ankakumana pagulu, kaya nkhani ikhale ya madzi kapena ina, ndi amene kuwaitanira dokotala kunachepa. Pa yunivesite yomweyo anaonanso kuti okalamba amene anapatsidwa mpata wosankha limodzi kakongoletsedwe ka chipinda chawo chochezera ankakhalamo kwambiri ndipo ankakhutira ndi moyo kuposa amene anachipeza chokongoletsedwa kale. Kafukufuku wawo wina anakhudza timagulu ta abambo okhaokha. Abambo m'nyumbazi amakhala ochepa, ogwira ntchito ambiri ndi amayi, ndipo zochitika zambiri zimakonzedwa mosaganizira bambo amene moyo wake wonse anali makanika kapena woyendetsa sitima. Abambo amene analowa m'timagulu timeneti anayamba kupepukidwa mumtima. Anthu amene anayezedwa pa kafukufuku yenseyu anali ochepa, koma zotsatira zake zikuloza kumodzi: gulu limathandiza ukamaliona kuti ndi lako. Kungoikidwa pampando pakati pa anthu ena sikukwanira.

Pali chenjezo lina limene magulu achifundo sakonda kulimva. Mu 1976 momwemo Richard Schulz anafalitsa kafukufuku wa ophunzira a ku koleji amene ankayendera okalamba kwa miyezi iwiri. Okalamba ena ankasankha okha tsiku ndi kutalika kwa macheza, ena ankauzidwiratu tsiku, ena ankangoona mlendo watulukira, ndipo ena sankayenderedwa n'komwe. Amene ankasankha ndi amene ankadziwiratu anasangalala kwambiri ndipo anaoneka athanzi kuposa anzawo. Kenako kafukufuku anatha, ophunzira n'kubwerera ku mabuku awo. Schulz ndi Barbara Hanusa atapitakonso patadutsa zaka ziwiri ndi kupitirira, anapeza kuti omwe aja anapindula kwambiri ndi amene anatsika kwambiri, m'thanzi ndi m'chisangalalo momwe, pamene enawo anali momwe analili. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Kwa munthu amene ali ndi anzake ambiri, mame akakamuka palibe kanthu. Koma kwa munthu amene mlendoyo ndiye anali yekha womumvetsera, kuchoka kwake ndi maliro enanso.

N'chifukwa chake ndimakayikira maulendo a tsiku limodzi, aja gulu limafika ndi mphatso ndi makamera pa nyengo ya zikondwerero, kuimba nyimbo zitatu, kujambulitsa ndi agogo, n'kukaika zithunzi pa Facebook. Sindikunena kuti ndi anthu oipa mtima. Koma tikafunsa moona kuti wapindula kwambiri ndani, nthawi zambiri ndi mlendoyo, amene wabwerera kwawo akudzimva kuti wachita zabwino. Munthu mmodzi wobwera Lachitatu lililonse kwa zaka ziwiri, wodziwa kuti agogowa sakonda kukhala pafupi ndi zenera ndiponso kuti mwana wawo wachiwiri satchulidwa, amaposa kwaya yonse yobwera kamodzi pa chaka. Nyumba zimene zinamvetsa zimenezi zinafunafuna alendo osachoka. Ku Deventer m'dziko la Netherlands, nyumba ya Humanitas inayamba kupatsa ophunzira zipinda zaulere, iwo n'kumapereka maola 30 pa mwezi kukhala anansi abwino a okalamba. Ku Seattle, ku United States, nyumba ya Providence Mount St. Vincent ili ndi sukulu ya mkaka m'kati mwake kuyambira mu 1991. Mwana wa zaka zinayi sabwera kudzachitira agogo chifundo. Amabwera chifukwa akufuna womumangira chingwe cha nsapato, ndipo mawa abweranso.

Apa ndi pamene nyumba zambiri zimaphonya. Timaganiza kuti munthu wokalamba amafuna kulandira basi. Koma munthu amene kwa zaka 60 anthu ankamudalira, ana, odwala, makasitomala, ophunzira, akafika poti chilichonse akungochitiridwa ndipo palibe chimene angabwezere, amayamba kudziona wachabechabe. Mawu akuti "zikomo" amawanena kambirimbiri pa tsiku, koma womuuza iye mawu omwewo palibe. Dokotala Bill Thomas, amene anayamba ntchito pa nyumba ya Chase Memorial ku New Berlin m'chigawo cha New York mu 1991, ananena kuti miliri itatu imene imazunza anthu okhala m'nyumba zotere ndi kusungulumwa, kudziona wopanda mphamvu ndi kunyong'onyeka. Analowetsa m'nyumbamo agalu awiri, amphaka anayi ndi mbalame 100, ndipo apa ndi pamene panayambira njira yotchedwa Eden Alternative. Nyumba zina zimene zinatengera njirayi sizinapeze phindu lofanana, ndipo ine sindikudabwa. Kugula mbalame n'kosavuta. Chovuta n'kulola agogo a m'chipinda chakumapeto kuti akhale eni mbalameyo, oidyetsa, oidera nkhawa ikasiya kulira.

Chimene chimatsekereza ndi mantha. Agogo akapempha kuthandiza kuyala tebulo, kupinda matawulo kapena kusesa pakhonde, amauzidwa kuti, "Khalani pansi, mungagwe." Manthawo ali ndi maziko, chifukwa kugwa kumapha okalamba, ndipo nyumba imaopa milandu ndi mkwiyo wa achibale. Koma kugwa kumalembedwa m'buku, kumakhala ndi tsiku ndi ola, ndipo wina amayankhapo. Kufota pang'onopang'ono kwa munthu amene waletsedwa chilichonse sikulembedwa paliponse, choncho palibe amene amaimbidwa mlandu. Pa ngozi ziwirizi nyumba imasankha yosaonekayo. Mudzi wa Hogeweyk ku Weesp, ku Netherlands komweko, umene unatsegulidwa mu 2009, unasankha zosiyana: anthu odwala dementia kwambiri amakhala 6 kapena 7 m'nyumba imodzi, amathandiza kuphika ndi kuchapa, amapita kusitolo ya m'mudzimo ndipo amayenda panja momasuka. Si nyumba iliyonse ingamange mudzi, koma matawulo ofunika kupinda ali paliponse.

Tsono pali mbali ina imene okonda zochitika amaiwala, yomwe ndi ufulu wokana. Si munthu aliyense wokhala yekha amene ali wosungulumwa. Mayi amene moyo wake wonse ankakonda buku ndi bata sasanduka wokonda magule chifukwa wakwanitsa zaka 85. Laura Carstensen wa pa yunivesite ya Stanford wakhala akuonetsa kwa zaka zambiri kuti anthu akamaona kuti nthawi yawo yatsala yochepa, amachepetsa dala ocheza nawo n'kutsala ndi ochepa amene ali pamtima pawo. Kumeneku si kudwala ayi. Kumukokera munthu wotere ku phwando la anthu osawadziwa, kumuveka chipewa chapepala, kumupatsa makrayoni kuti apake chithunzi cha kalulu, ndiko kumulanda ulemu umene wamutsalira. Tom Kitwood wa pa yunivesite ya Bradford, amene m'zaka za m'ma 1990 ankaphunzitsa kuti pa wodwala dementia tiziyamba taona munthu tisanaone matenda, anaika kutenga wamkulu ngati khanda pa mndandanda wa zinthu zimene osamalira amawonongera munthu mosadziwa. Ofufuza a ku Kansas anadzaonetsa mu 2009 kuti odwala dementia akamalankhulidwa ngati ana, amakana kwambiri chisamaliro. Luso lenileni lagona pa kusiyanitsa amene wakana chifukwa sakonda bingo ndi amene wakana chifukwa wasiya kukonda chilichonse, ndipo zimenezi sungazidziwe ngati munthuyo sukumudziwa.

Nthawi zinanso chifukwa chokanira chimakhala chapafupi kwambiri. Bungwe la World Health Organization limati mwa anthu opitirira zaka 60, oposa 25 pa 100 alionse ali ndi vuto lalikulu la kumva. Munthu wosamva bwino ukamuika m'chipinda cha phokoso amangoona milomo ikugwedera ndi anthu akuseka zimene iye sanamve, n'kutulukamo wamanyazi. Wina amaopa kuti angadzikodzere pagulu. Wina dzino likumuwawa, wina magalasi ake anasowa mwezi watha. Batire latsopano la kachipangizo ka m'khutu kothandiza kumva lingathandize macheza a munthu kuposa woimba wolipidwa.

Ndiye ndani angamudziwe munthu chonchi? Wokonza zochitika nthawi zambiri amakhala mmodzi m'nyumba yonse, sangakwanitse. Amene angathe ndi uja amamusambitsa, kumuveka ndi kumuperekeza kuchimbudzi. Ameneyu ndiye amakhala naye nthawi yaitali kuposa wina aliyense, ndipo nthawi ya kusamba ikhoza kukhala ya macheza okoma kwambiri pa tsikulo kapena ya manyazi okhaokha. Kafukufuku wa WHELD, wotsogoleredwa ndi Clive Ballard, anayesa zimenezi m'nyumba 69 za ku Britain pa anthu 847 odwala dementia, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2018. Ogwira ntchito anaphunzitsidwa kudziwa mbiri ndi zokonda za munthu aliyense, n'kumapatula ola limodzi pa sabata lochita naye zimene iyeyo amakonda. Patatha miyezi 9 moyo wa okalambawo unali wabwinopo, kusakhazikika ndi kulusa kunachepa, ndipo ndalama zonse zowasamalirira sizinakwere. Kusinthako sikunali kwakukulu, ndipo muyeso wa kuvutika maganizo pawokha sunasunthe kwenikweni. Ndikutchula zimenezi dala, chifukwa pa nkhani ya okalamba pamachuluka olonjeza zozizwitsa. Komabe taonani kuchepa kwa chimene chinawonjezedwa. Ngati ola limodzi pa sabata lingaoneke pa muyeso, ndiye kuti macheza amene analipo poyamba anali ochepa zedi.

Eni nyumba adzayankha kuti zonsezi n'zokoma pakamwa koma antchito ndi ochepa. Akunena zoona, ndipo sindikufuna kuloza chala mayi amene akuthamanga yekha mabelu asanu akulira nthawi imodzi. Ntchitoyi ndi yolemetsa, malipiro ake ndi otsika pafupifupi kulikonse, ndipo anthu sakhalitsa. Kafukufuku wa mu 2021 wa nyumba za ku United States anapeza kuti m'nyumba yapakatikati, anamwino ndi othandizira awo ochoka pa chaka ankafika 94 pa 100 alionse. Kwa agogo zimenezi zikutanthauza kuti nkhope imene anaizolowera mu January, pofika December palibe. Ndi zomwe zija za ophunzira a Schulz, koma zochitika chaka ndi chaka. Choncho ngati pali ndalama yochepa yoti igwire ntchito pa chisangalalo cha okalamba, ine ndingaiike pa kusunga antchito ndi kukonza mashifiti kuti wosamalira yemweyo azibwerera kwa anthu omwewo, ndisanaganize zogula loboti yooneka ngati nyama kapena zolipira wodzasangalatsa anthu Loweruka.

Mankhwala nawo ali ndi malo ake, koma malowo si aakulu monga mabotolo a m'kabati akuonetsera. Mu 2011 kafukufuku wa HTA-SADD ku England, wotsogoleredwa ndi Sube Banerjee, anayerekeza mankhwala awiri odziwika a kuvutika maganizo, sertraline ndi mirtazapine, ndi mapiritsi opanda mankhwala, mwa anthu 326 odwala Alzheimer's, mtundu wina wa dementia, amene analinso ovutika maganizo. Mankhwalawo sanapose mapiritsi opanda kanthuwo, ndipo omwa mankhwala anakumana ndi zovuta zina za m'thupi zochuluka kuposa anzawo. Mu 2021 Jennifer Watt ndi anzake a ku Toronto anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 256. Anapeza kuti kwa odwala dementia amene ali ndi zizindikiro za kuvutika maganizo koma osati matenda aakuluwo, njira zopanda mankhwala, monga kukumbutsana zakale, kusisita thupi, ndi masewera olimbitsa thupi ophatikiza ndi macheza komanso zochita zodzutsa ubongo, zimathandiza kuposa chisamaliro cha masiku onse. Izi sizikutanthauza kuti munthu amene wasiya kudya, kapena amene akunena zofuna kufa, atumizidwe kukaimba kwaya. Ameneyo akufunika dokotala lero lomwe, ndipo kwa ambiri, makamaka amene alibe dementia, mankhwala amathandizadi. Chimene ndikukana n'kuthamangira piritsi chifukwa chakuti ndi lokhalo silidya nthawi ya munthu.

Amene ankakayikira kufunika kwa nkhope yodziwika anadzionera okha mu March 2020, pamene mayiko ambiri anatseka zitseko za nyumba zosamaliramo okalamba chifukwa cha Covid-19. Zochitika zapagulu zinaimitsidwa, anthu anayamba kudyera m'zipinda zawo. Cholinga chinali chabwino, popeza matendawa ankapha kwambiri m'nyumba zimenezi. Koma posakhalitsa zinaoneka kuti mwana amene ankabwera madzulo alionse sanali mlendo wamba. Ndiye ankachititsa kuti mayi ake amalize chakudya, ndiye ankazindikira msanga kuti lero sali bwino. Dziko la Netherlands linayamba kuyesa kulolanso alendo m'nyumba 26 mu May 2020, ndipo ku England kunadzabwera lamulo mu April 2024 loti nyumba iliyonse izilola anthu okhalamo kuyenderedwa, kupatula pakakhala chifukwa chachikulu.

Wachibale amene akusankha nyumba angachite bwino kufikako Lamlungu madzulo, osati pa tsiku la phwando. Aone ngati okalamba akulankhulana okhaokha popanda wowatsogolera. Afunse wosamalira amene wakumana naye m'khonde kuti bambo amene ali pazenerawo ankagwira ntchito yanji. Yankho lake, kapena kusowa kwa yankho, kumuuza zambiri kuposa kabuku kotsatsa malowo.

Palinso nkhani ya zimene nyumba zimawerengera. Zambiri zimasunga kaundula wa anthu amene abwera ku chochitika chilichonse, ndipo manambala akakwera aliyense amakondwa. Koma kaundula ameneyu amangowerenga anthu ochezeka omwewo kasanu pa sabata. Sanena kanthu za bambo amene sanatulukenso m'chipinda chimwalirireni mnzake wodya naye tebulo limodzi, kapena za mayi amene sangathenso kudzuka pabedi ndipo macheza angamufike pokhapokha wina atamutsatira komweko. Zida zoyezera kuvutika maganizo zilipo kale ndipo n'zosavuta: mafunso 15 a Geriatric Depression Scale amatenga mphindi zochepa, ndipo kwa odwala dementia pali Cornell Scale ya mu 1988 yomwe imadaliranso zimene osamalira aona. Oyendera a boma ndi achibale atasiya kupempha mndandanda wa amene anabwera, n'kuyamba kupempha wa amene sanabwere mwezi wonse pamodzi ndi dzina la wogwira ntchito amene anapita kukakhala nawo, oyang'anira nyumba sangachedwe kukonzanso mashifiti.